Tsiku lomwe tinathawira m'kalavati

Lero ndadutsa pomwe akumanga ngalande, ndipo fungo la simenti yonyowa landibwezera ku Thyolo, kumalaini a esiteti ya tiyi komwe ndinakulira.

Tsiku lina masana kumwamba kunada bii, chimphepo n'kuyamba kuzula udzu padenga pathu. Amayi anabereka mlongo wanga, n'kundikokera m'kalavati wa pansi pa msewu. Abambo anatsalira m'nyumba.

"Tsogolani, ndikubwera!" anatikuwira.

M'kalavatimo munali mdima, madzi ozizira akutidutsa m'miyendo. Kunja mitengo ya bulugamu inkathyoka. Amayi sanakhazikike. Ankakwawira kukhomo kwa kalavati, kusuzumira, kubwerera, kenako n'kukwawiranso.

"Bambo akowa akufuna kufera nyumba ya kampani?" anandifunsa, ngati kuti ine ndikanayankha.

Mwadzidzidzi chinthu chachikulu chinatseka kuwala kukhomoko, ine n'kulira. Anali abambo, magazi akuchucha pachipumi, chitseko chathu chili kumsana.

"Denga lapita," anatero akupuma wefuwefu. "Koma ichi ndinapala ndekha."

Anachiimika pakhomo pa kalavati, n'kuchitsamira ndi msana. Mphepo inkachimenya, iwo akukankha, amayi atawagwira mwendo zolimba.