Kadontho Kamene Kanawoletsa Batala

Ndimakonza makompyuta pa loji ina ku Kande. Bwana atandipempha, ndinalemba kapulogalamu koti firiji ya kuseri ikayamba kutentha, kazitumiza uthenga pafoni ya wophika wathu, a NyaChirwa.

M'chilankhulo chimene ndinalembera, polamula kachipangizo kuti kachite ntchito umaika timadontho tiwiri. Ukaika kamodzi pulogalamu imayamba bwinobwino, n'kudzagwa tsiku limene yafika pamzere umenewo. Ine ndinaika kamodzi. Chida chofufuza zolakwika pulogalamu isanayambe chinandionetsa mzere wofiira, koma ndinachizimitsa osawerenga n'komwe. Ndinkathamangira kukaonera mpira.

Kenako waya wa firijiyo anapsa, uthenga osapita. M'firijimo munali nsomba za batala zimene a NyaChirwa ankasungira ukwati wa mwana wawo. Tsiku limene anatsegula, patapita masiku angapo, fungo linafika mpaka kugeti. Nsomba zinali zitatupa, zikuyandama m'madzi obiriwira, ntchentche zili ng'waa.

"Ada, kamakina kanu kaja sikanalire bwanji?" anandifunsa, atatseka mphuno ndi chitenje.

"Ndi netiweki, ama," ndinayankha osaphethira. "Mukuidziwa ya kuno."

Ndinawathandiza kukwirira nsombazo. Nditasamba m'manja ndinayatsanso chida chija, ndipo chinaloza mzere womwe uja. Ndinawonjezera kadontho mwakachetechete.

M'mawa mwake a NyaChirwa anandibweretsera mbale ya chinangwa chophika.

"Yewo chomene, ada. Anzanu onse anathawa fungo, inu nokha ndi amene munandimvera chisoni."

Ndinalandira ndi manja awiri, n'kudya chonse.