Nyimbo Yomwe Ankati Sikwana pa Tepi

Odah anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa fakitale ya makaseti mu mzinda wathu uno wa Bandung. Analowa ali mtsikana, anatuluka ali mayi wa ana awiri, mwamuna atamwalira kale. Fakitale itatsekedwa, anzake ena anapita kukakazinga nthochi m'mbali mwa msewu, ena kukasoka malaya. Iye anagula makina asanu ojambulira makaseti amene abwana ankawatenga ngati zitsulo zakutha, nawaimika m'chipinda chake chakutsogolo. Tinamuseka tonse. Ine ndinaseka kuposa ena, chifukwa ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndipo ndinkadziwa kuti kaseti yafa. Khomo langa ndi loyandikana ndi lake.

Kwa zaka zambiri makinawo ankangojambula maulaliki ndi nyimbo za pa ukwati. Kenako kunatulukira ana a magitala. Awa ndi ana amene anabadwa foni ili kale m'manja, nyimbo zawo zili pa intaneti, koma akatha kuimba amafuna chinthu chogwirika choti munthu apite nacho kunyumba. Anayamba kubwera pa njinga zamoto, tsitsi losapesa, mathalauza ong'amba dala. Amamuitana Bi Odah, ngati azakhali awo. Ine amanditcha Mang Kosasih, amalume okonza malamba a makina.

Odah ali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Sathamangitsa makina ngati momwe ena amachitira pofuna kumaliza msanga. Nyimbo ya mphindi zinayi imajambulidwa mphindi zinayi. Asanayambe amamvetsera chimbale chonse yekha, wotchi ili pa tebulo, pensulo ili m'manja. Nyimbo za anawa amazitcha phokoso, koma woimba ng'oma akatsalira m'mbuyo amamuuza pamaso pa anzake, ndipo amakhala akunena zoona.

Ntchito yochuluka inkachokera kwa Entis. Entis ali ndi sitolo ya malaya a achinyamata, ndipo ndi iye amene ankatulutsa zimbale za magulu asanu ndi atatu a m'dera lathu. Ankagula makaseti opanda kanthu, n'kusindikiza zikuto, n'kugulitsa m'sitolo mwake. Si munthu woipa. Magulu ambiri sakanamveka popanda iye.

Limodzi mwa maguluwo linali Simbi ya Makala: atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi. Woimba wawo ndi Wiwin, mwana wa kum'mwera kwa mzinda, kumene kuli mafakitale a nsalu. Chimbale chawo choyamba chinali ndi nyimbo khumi, ndipo chinayenera kutuluka pa msika wa zimbale umene umachitika kamodzi pa chaka. Kunatsala masiku khumi ndi awiri.

Mwa nyimbo khumizo munali ya mtsinje. Ndinaimva kudzera pakhoma tsiku limene Odah ankayeza kutalika kwa nyimbozo. Siitchula dzina la fakitale iliyonse. Imangowerenga masiku: Lolemba madzi ndi ofiira, Lachiwiri akuda, Lachitatu obiriwira, ndipo mayi akuchapa momwemo, khungu la m'manja likusupuka. Mayiwo ndi amayi ake a Wiwin. Aliyense wa kumeneko amadziwa paipi imene utotowo umatulukira.

Lolemba m'mawa Entis anafika ndi katoni ya makaseti 200 ndi pepala la mndandanda wa nyimbo. Wiwin anali pambuyo pake. Ine ndinali pansi, ndikusintha lamba wa makina achitatu. Odah anawerenga pepalalo kawiri, kenako anafunsa kumene nyimbo ya mtsinje yapita, chifukwa pa pepalapo panali zisanu ndi zinayi.

Entis anafotokoza mofatsa. Kaseti ndi ya mphindi 46, ndiye kuti 23 mbali iliyonse. Mbali yoyamba yadzaza, yachiwiri ikufika mphindi 27. Nyimbo imodzi iyenera kutsala, ndipo ya mtsinje ndi imene ili yaitali. Wiwin anangogwedeza mutu, maso ali pansi. Zinkaoneka kuti analira kale kunyumba ndipo nkhaniyo anaivomera.

"Neng," anatero Odah, mmene timaitanira ana aakazi, "kaseti unaigwirapo usanabwere pakhomo pano?"

Wiwin anati agogo ake anali nayo imodzi, iye ankaisolola tepi n'kumamangira zidole.

Odah anatsegula kabati, natulutsa kaseti ina, naiponya pa tebulo. Anamuuza Wiwin kuti awerenge nambala yolembedwa pakona. Wiwin anawerenga 60. Anayang'ana kasetiyo, anayang'ana Entis. Mwanayu ankaganiza kuti makaseti onse pa dziko lapansi ndi ofanana kutalika.

Entis anati aataliwo ndi osowa masiku ano.

"Osowa kuti?" anatero Odah. "Mwezi watha iwe wemwe unandibweretsera katoni yonse ya 60, ya anyamata ako aja olira ngati mbuzi yomangidwa. Kapena mbuzi ndi zimene zili ndi ufulu wa tepi yaitali?"

Apo Entis anasiya za mphindi. Ananena zoona zake. Nsalu zonse za m'sitolo mwake amagula ku fakitale ya m'mbali mwa mtsinje uja, ndipo mwana wa mwini fakitale amabwera kumagule a magulu akewo. Dzina la sitolo likakhala pa kaseti yokhala ndi nyimbo imeneyo, nsalu ayiwale.

"Bi, ine ndimadyetsa anthu khumi ndi awiri," anatero.

"Ndiye ukanamuuza choncho mwanayu. Usanamizire tepi. Tepi sinakulakwire."

Entis anaika nkhani poyera. Zikhale nyimbo zisanu ndi zinayi, apo ayi atenga katoni yake, zikuto zake, ndi ntchito ya magulu ake onse. Ku likulu, ku Jakarta, kuli anthu ojambula mwachangu amene safunsa mafunso.

Odah anatembenukira kwa Wiwin n'kumuuza kuti nyimbo ndi yake, manja osupukawo ndi a amayi ake, anene yekha. Za makina asadere nkhawa, makina ndi a Odah. Ine ndinamaliza lamba n'kutseka makina. Kenako Wiwin anati zikhale khumi.

Entis ananyamula katoni. Pakhomo anatembenuka n'kunena kuti Bi Odah akalamba, sadziwa mmene zinthu zimayendera. Odah anamuuza kuti asamale sitepe yachiwiri, ndi yothyoka.

Tsopano panali nyimbo khumi, masiku khumi ndi awiri, ndipo kaseti panalibe. Anawo analibe ndalama zogulira atsopano. Odah anandiuza kuti nditenge makwerero. M'denga la nyumba yake munali matumba atatu a makaseti akale amene sanagulidwe, omwe anatola tsiku limene fakitale inkataya katundu. Zinali nyimbo zovina za pa ukwati za zaka makumi awiri zapitazo, onse a mphindi 60. Ndinawatsitsa, fumbi lili m'mphuno.

Kaseti yakale siimangolowa m'makina. Yogulitsidwa ili ndi nyimbo kale imakhala ndi timabowo tiwiri pamwamba toletsa kujambula, ndiye timafunika kumatidwa ndi selotepi. Nyimbo zakale zimafufutidwa ndi maginito aakulu. Pansi pa tepi pamakhala kansalu kakang'ono kamene kamaikankhira ku mutu wa makina, ndipo pa makaseti ambiri kanali katagwa. Odah anadula chipewa changa chakale n'kumata timagawo tatsopano ndi ulimbo. Sanandipemphe. Makaseti ena anali ndi nkhungu, amenewo anataya.

Ana a Simbi ya Makala ankabwera m'mawa uliwonse. Ankanyowetsa mapepala akale n'kuwakanda ndi zikhadabo, n'kulemba dzina la gulu ndi cholembera pa kaseti iliyonse. Woimba ng'oma, mnyamata wotchedwa Ayi, analemba zokhota moti Odah anamulanda cholembera n'kumuuza kuti manja ake amachedwa pa chilichonse, apite akagule mpunga ndi nsomba zouma. Zikuto anachita fotokope pafupi ndi sukulu, zakuda ndi zoyera.

Wiwin anafunsa ngati sangathamangitse makina kamodzi kokhaka, popeza masiku akutha. Odah anati akafuna kumveka ngati udzudzu atsatire Entis ku Jakarta. Anapitiriza monga mwa nthawi zonse: makaseti asanu pa ola, kuimitsa nthawi ya mapemphero, kusiya dzuwa likapendeka chifukwa makutu ake amatopa. Pa makaseti asanu aliwonse ankatengapo imodzi n'kumvetsera nyimbo ya mtsinje kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Makina achinayi anafa Lachinayi. Ndinachotsa mota m'wailesi ya munthu wina amene anaisiya kwa ine chaka chatha osabweranso, n'kuiika m'makinawo.

Entis anabweranso kamodzi. Sanalowe, anaima pa njinga yake panja. Anati angathe kubweza katoni ngati nyimboyo ingatuluke pa intaneti pokha, popanda dzina la sitolo. Wiwin anatuluka yekha kukamuyankha. Sindinamve zonse. Ndinangomva akumuitana ngati achimwene ake, akuti, "Kang Entis, pa foni nyimbo imafufutika ndi chala chimodzi." Entis analiza njinga.

Makaseti abwino anakwana 163.

Pa msika wa zimbale matebulo amagawidwa kwa anthu otulutsa zimbale, ndipo Simbi ya Makala inalembedwa pansi pa dzina la Entis. Anawo atafika anauzidwa kuti malo awo palibe. Wiwin anaimbira foni Odah kufunsa chochita. Odah sapita kumisika yotere, amati phokoso amalimva mokwanira kunyumba. Anamufunsa ngati njinga yake ilibe chishalo. Anawo anaimika njinga kunja kwa geti, pakati pa wogulitsa khofi ndi wogulitsa chimanga chootcha, nayala makaseti pa chishalo. Ndinawabwereka wailesi yamabatire. Tsiku limenelo anagulitsa ochepera theka. Otsalawo anatha m'miyezi iwiri, ambiri kwa anthu a kum'mwera kuja, ena mwa iwo alibe n'choimbira chomwe.

Pa makaseti ena maginito sanagwire bwino. Nyimbo yomaliza ikatha, pa mphindi zitatu zotsalazo, mumamveka chapansipansi ng'oma za ukwati wakale. Odah anakwiya nazo kwambiri. Analengeza kuti aliyense amene wapeza yotere abweze, amupatsa ina. Palibe anabweza.

Mtsinje sunasinthe. Sabata yatha ndinadutsa pa mlatho, madzi anali ofiira. Entis anasunga mawu ake, magulu ake onse amajambulitsa ku Jakarta. Mwa makina asanu a Odah, awiri okha ndi amene amayenda masiku ambiri, ndipo wabwerera ku maulaliki ndi maukwati. Atatu enawo amawapukutabe mitu ndi sipiliti Loweruka lililonse.

Wiwin anabwera kudzapepesa, atanyamula thumba la malalanje. Anati ntchito ya Bi Odah yatha chifukwa cha nyimbo yake. Odah anasenda lalanje, nadya, osamugawira. Anamufunsa ngati gulu likupeka zatsopano. Wiwin anati zilipo zisanu ndi ziwiri, ndipo ina ndi yoopsa kuposa ya mtsinje.

"Ubwere nazo," anatero Odah. "Koma Ayi uja umuuze ayambe wayeseza. Sindijambula ng'oma zochedwa kawiri."