Nyumba Yathu Sinagwe

Ndikukumbukira fungo la makala a m'simbi yositira m'mawa umene amayi anatitengera ku khonsolo. Ndinali Fomu 1. Bambo anali atamwalira kumayambiriro kwa dzinja, atathyola tiyi pa esiteti kuyambira unyamata wawo. Maliro atangotha, kapitawo anabwera, maso ali pansi, kudzanena kuti nyumba za kumalayini ndi za ogwira ntchito. Yathuyo wina anali kuidikira kale.

Kolowera tinalibe. Agogo anachokera ku Mozambiki n'kufikira pa esiteti pomwepo. Amayi anabadwira kumalayini, ifenso chimodzimodzi. Amayiwo ankangofuna chinthu chimodzi, kuti atatufe, iwo, ine ndi mlongo wanga, tisabalalike.

Chaka chimenecho mvula inagwetsa nyumba zambiri cha ku Khonjeni, ndipo kutchalitchi analengeza kuti a khonsolo akuthandiza osowa pogona. Ine ndinasangalala. Tinali titaphunzira m'kalasi kuti imeneyo ndi ntchito yawo, ndipo nthawi imeneyo chilichonse cholembedwa pabolodi ndinkachikhulupirira ngati Baibulo.

Amayi anati kwa akuluakulu sapitako ndi litsiro. Anasita yunifomu yanga, anadzoza mlongo wanga Yohane mafuta mpaka chipumi kunyezimira, iwo n'kuvala chitenje chawo cha Lamulungu ndi nsapato zobwereka. Pakhonde la ofesi tinakhala pakati pa anthu amatope m'miyendo, ena atafunda mabulangete onyowa. Ife tinkaoneka ngati tasochera popita ku ukwati.

Bambo wa muofesimo sanali wankhanza. Anatiyang'ana kuyambira kunsapato, kenako anafunsa mwaulemu.

"Mayi, nyumba yanu yagwa liti?"

"Sinagwe, bambo. Ili chiimire."

"Nanga denga?"

"Malata ake ngabwinobwino. Kungoti atiuza kuti tichoke."

"Ndiye imeneyo ndi nkhani ya kampani. Kuno tikuona za mvula. Komanso inu mukuonekako bwino, mayi. Taonani anzanu panjapo."

Amayi ananyonyomala pang'ono n'kuthokoza. Mpaka lero chimene chimandiwawa ndi kuthokoza kumeneko.

Sabata yotsatira tinagawana mphasa ndi mapoto. Yohane anapita kwa azakhali amene anakwatiwa ku Goliati, kukaweta mbuzi, ndipo sukulu yake inathera pomwepo. Ine ananditenga mayi wina wa kutchalitchi, ndizigona m'khitchini n'kumamutungira madzi ndisanapite kusukulu. Amayi analowa ntchito yapakhomo ku Limbe, komwe abwana sankalola ana.

Masiku ano ndimamva pa wailesi kuti makhonsolo ali ndi udindo pa aliyense wosowa pokhala, kaya mvula yagwa kaya sinagwe. Ndimafuna kukhulupirira, ndipo mwina zinasinthadi. Kumalayini anapakako penti, ana ena akusewera pakhomo, bambo awo akadali ndi mphamvu zosenza dengu la tiyi. Koma atatufe sitinagonenso m'nyumba imodzi. Amayi anamwalira njerwa zoti ndiwamangire nyumba zisanawotchedwe.