Tsiku Limene Lenifa Anapukutidwa Thukuta

Lenifa wa ku Takoma Park, mwana wa a Gresham oyendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe, anali ndi mawu oti akawatulutsa kutchalitchi ngakhale makanda ankasiya kulira. M'chilimwe cha 1984 analowa kwaya yaikulu yokaimba pa chikondwerero cha nyimbo ku Virginia. Anamutenga mongoyesa. A Wilkins, ophunzitsa kwayayo, anati akachita bwino akhala, akalephera abwerere kutchalitchi kwake.

Lamulo la a Wilkins linali lakuti munthu asaoneke payekha. Zovala zakuda onse, mutu osagwedeza, phazi osasuntha. Lenifa, amene kwawo ankaimba ndi mapewa omwe, anaphunzira kuima ngati mzati.

Chimene anaiwala kuuza amayi ake, a Edness, n'chakuti m'nyimbo ya Chijeremani imene ankakaimbayo kwaya imayamba yakhala duu nthawi yaitali, a mavayolini ndi malipenga akudzionetsa. A Edness anafika ndi mnzawo wa ku Zambia, Mai Chabala, n'kukhala cha kutsogolo. Malowo anali apanja, ndipo kunatentha madzulo amenewo. Anadikira, nadikira, mwana wawo ali chikhalire pamzere wakumbuyo, thukuta lili kamukamu, popanda womupatsa ndi madzi omwe.

"Kodi anamuitanira kudzaonerera anzake?" ananong'ona a Edness.

"Ni nsanje chabe, mulamu," anayankha Mai Chabala. "Bamuyopa." Ankatanthauza kuti akumuopa.

Kwaya itaimirira, a Edness anaimiriranso. Nthungululu yawo inaposa malipenga onse. Anatsika kanjira akuvina mwaulemu, mpango uli m'manja, nakwera masitepe a pansanja. Mlonda anawapatsa njira poganiza kuti mwina zili papulogalamu. Anadutsa pakati pa mavayolini n'kukapukuta nkhope ya mwana wawo, monga amachitira mayi aliyense wodziwa mwambo. Ataona kuti mzimayi wachizungu woyandikana naye nayenso wanyowa, anamupukutanso kuti asaoneke okondera.

Lenifa anafuna nthaka itang'ambika, koma sanaphonye liwu. Anaimbabe Chijeremani chakecho mpango uli pamphuno.

Mawa lake a Wilkins atamuitana, anapita atatsanzika kale anzake. Bamboyo anati woimba amene sataya nyimbo zinthu zitafika pamenepo sangamusiye, koma amayi ake azikhala kumbuyo kwenikweni, pakapinga.

A Edness atauzidwa anati a Wilkins ndi munthu woganiza, chifukwa mipando ija inali yothinana, pakapinga ndiye pali malo ovinira.