Tinawasudzula a Mwale, Mango Tinatsala Nawo

Ndikakumbukira a Mwale, mphuno zanga zimadzaza fungo la utomoni wa mango, uja umamata m'zala n'kutupitsa milomo, losakanikirana ndi utsi wa makoko a mtedza omwe ankafukiza kuseri kwa nyumba yawo. Ndimamva ndowa ikugunda m'mbali mwa chitsime, amayi a pamudzi akuseka pamzere, komanso kampeni ka a Mwale kakulira pamwala, chifukwa ankakanola m'mawa uliwonse tisanatsegulire n'komwe nkhuku. Zonsezi n'zokoma kuzikumbukira, koma zikangofika m'mutu mtima wanga umayamba kuwira.

Nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu, kumudzi kwathu kwa Mavwere. Akazi awo, aNabanda, anali ang'ono awo a agogo anga obala amayi, choncho a Mwale anali mkamwini pamudzi pathu. Anachokera kutsidya kwa malire, ku Zambia, ali mnyamata, ndipo pamene ine ndinkayamba sukulu anali atakhala nafe zaka zoposa makumi anayi. Ana awo awiri anamwalira ali makhanda, ena sanabwerenso. Mwina n'chifukwa chake ana a mabanja onse asanu a pabwalopo tinkathera pakhonde pawo, kutongola chimanga, kuswa mtedza, ndi kukangana kuti wakhala pafupi ndi agogo ndani.

Chitsime chomwe mudzi wonse unkamwa anakumba ndi iwo. Dimba la kudambo, lomwe kale linali matope ndi achule okhaokha, analiswa ndi iwo. Koma luso lawo lenileni linali kumezanitsa mango. Ankadzala nthangala za kalisere, mango ang'onoang'ono a ulusi aja, ndipo kamtengo kakafika m'chiuno ankakadula nsonga, kukang'amba pakati, n'kulowetsamo kanthambi ka boloma kosongoledwa bwino. Kenako ankamanga ndi timizere ta pepala la shuga, mwakachetechete, lilime lili panja.

"Gwira apa, Esinati, usanjenjemere," ankandiuza. "Mtengo sufunsa kuti nthambi yachokera kwa yani. Ukamanga bwino, zimagwirana."

Ndinali ndi zaka khumi pamene anandilola kudula ndekha. Ndinadzicheka chala, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola, amvekere magazi a mwana wamakani ndi feteleza. Kamtengo kameneko kanaphuka, ndipo anakatcha dzina langa.

ANabanda anamwalira chaka chotsatira, chimanga chili m'munda. Maliro tinalira, tsitsi tinameta, ndipo titakolola akuluakulu anati yakwana nthawi yosudzula a Mwale. Kwathu mkazi akamwalira, abale ake amamasula mwamunayo kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kwawo kapena kukakwatira kwina. Mwambowo suti mum'thamangitse. Midzi ina nkhalamba imamasulidwa pakamwa pokha, n'kupitiriza kukhala m'nyumba yake mpaka imfa. Koma ife tinali ndi maso padimba.

Anakhalirana m'mawa, pansi pa mtengo waukulu wa mango womwe a Mwale anadzala chaka chomwe anafika. Amayi anaphika thobwa. Amene ankatsogolera nkhani anali amalume a Lufeyo, alongo awo a amayi, munthu woti khasu lake linkachita dzimbiri koma pakamwa pali ngwe. Kumbali ya a Mwale ankhoswe onse anali atatha kale, ndiye kunabwera mwana wa mlongo wawo panjinga, bambo woti a Mwalewo ankangowadziwa dzina.

"Mwatisungira mayi athu, tathokoza," anatero amalume a Lufeyo. "Lero takumasulani. Abale anu akusowani kwanu."

A Mwale anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Kwathu kuti, a Lufeyo? Amene ndinawasiya kumeneko onse ali m'manda. Inuyo ndinakuberekani kumsana popita nanu kuchipatala ku boma. Dimba tengani, mitengo tengani. Mundisiyire nyumba yokhayi, ndikafa mukandiike pafupi ndi mkazi wanga."

"Mwambo ndi mwambo, agogo. Paja mlendo ndi mame."

Mame! Mame a zaka makumi anayi, mame okumba chitsime. Mpaka lero mwambi umenewu sindifuna kuumva. Ndinayang'ana anthu onse omwe anali pamenepo: a Chisale, omwe denga lawo anawafolerera a Mwale, aNaphiri, omwe chaka cha njala ana awo anapulumukira maungu a m'dimba lija, akuluampingo awiri omwe Lamulungu lililonse ankatiimbitsa za kukonda mnansi. Aliyense anali ataweramira m'kapu ya thobwa. Amayi anga ankatola timitengo pansi n'kumatithyola.

Ine ndinaimirira kumbuyo kwa amayi, mwana wosaitanidwa, n'kufunsa mokweza.

"Amalume, nanga mango awo awanyamula bwanji panjinga?"

Amayi ananditsina pantchafu mpaka khungu linasupuka. Amalume anati mwana ameneyu akusowa mwambo, ndipo anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu omwe apeza pothawira. A Mwale okha ndiwo anandiyang'ana, n'kupukusa mutu kuti ndikhale pansi.

Katundu wa zaka zonsezo anakwana m'thumba limodzi la feteleza: bulangete, jekete la kutchalitchi, mbale ziwiri ndi nkhwangwa yogulula mpini. Asanakwere njinga anazungulira mitengo yawo, akugwira uliwonse pathunthu, ndipo atafika pa uja wa dzina langa anandikodola.

"Uzichotsa mphukira za m'munsizi, zikakula zilanda chakudya," anatero, n'kundifumbatitsa kampeni kaja. "Usalire, anthu akuona."

Anakhala pakaliyala, thumba lili pamiyendo, mapazi akukhukhuza fumbi. Palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anawaperekeza kufika kumsewu.

Sanamalize chaka. Uthenga unabwera ndi mayi wina wogulitsa zitenje za kutsidya, patatha masabata atatu ataikidwa, ndipo anaunena mongodutsa akumwa madzi a pachitsime chawo chomwe. Kumudzi kwathu palibe anapita kukapepesa, ati inali nthawi yokumba mtedza. Nyumba ija amalume anaisandutsa mosungira fodya. Dimba analigawana pakati, amalume ndi amayi. Mango atapsa, mabanja aja anatukwanizana pagulu polimbirana mitengo, aliyense akuti a Mwale ankamukonda iyeyo koposa. Ndipo ine, wamakani uja, mangowo ndinadya, madzi ake akutsika m'zigongono. Anali okoma kwambiri, ndipo n'zimene zimandipweteka.

Lero ndine mphunzitsi pa boma. Anzanga akayamba zoti kale kumudzi kunali chikondi, mwana wa mnzako anali wako yemwe, ine ndimatola mabuku anga n'kutuluka. Chikondicho ndinachiona, n'zoona, koma ndinaonanso pomwe chinathera. Manda a aNabanda ndimawalambula chaka chilichonse, ndipo pambali pake malo adakalipo, pamera udzu. A a Mwale sindikuwadziwa.

Chaka chatha ndinapeza amayi atakhala pansi pa mtengo wa dzina langa uja, womwe tsopano mthunzi wake umakwana anthu makumi awiri. Akalamba, maso achita khungu. Anali kusenda boloma, ndipo anangoyamba okha.

"A Mwale anali munthu wabwino, iwe."

Zimene ndinasunga zaka zonsezi zinatuluka.

"Nanga tsiku lija munakhaliranji chete, amayi? Mawu amodzi okha akanakwana."

Sanadzidzimuke. Anapitiriza kusenda mpaka khoko lonse linagwa.

"Bambo ako anali atatithawa, inu muli anayi. Dimba lija ukuyesa linadyetsa yani? Sukulu yakoyo unapitira matimati a kuti?"

Mkwiyo sunathe ayi, unangopeza wina woti umugwire, yemwe ndi ine. Kampeni kaja ndili nako, chigwiriro chake ndinachimanga ndi waya. Kusukulu ndimaphunzitsa nako ana kumezanitsa mango, ndipo mwana aliyense asanadule ndimamuuza kuti atchule dzina la mwini mpeniwo. Ana a pa boma omwe sanawaonepo amawatchula a Mwale mokweza. Kumudzi kwathu, komwe akudyabe mango awo, amangoti mitengo ya makolo athu.