Tsabola wa Amayi Joanna Sachoka Popanda Ndiwo

Amayi Joanna Mbewe akhala akugulitsa tsabola wosinja pamsika wa Chadiza kuyambira ali mtsikana. Chaka chatha anyamata anayamba kumagula tsabolayo n'kumabwira wouma, anzawo akujambula pa foni. Mmodzi wa iwo, Manase, anatsamwa pamaso pa mayiwa. Tsabola anamulowa m'chifuwa, anabanika, mpaka anzake anathamanga naye kuchipatala pa njinga. Mwamwayi anachira.

Kuyambira pamenepo Amayi Joanna amafunsa wogula aliyense kuti, "Ndiwo zake zili kuti, mwanawe?" Wopanda ndiwo amabwerera chimanjamanja.

Masiku ano anyamata amafika atanyamula kapenta ndi matimati, amsika n'kumaseka. Manase anafika pophunzira kuphika, ndipo mkazi wake akamadutsa pamsikapo amapatsa Amayi Joanna moni wa manja awiri.