Juzi Imodzi, Mitu Iwiri

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga, mlangizi wa zaulimi, anawasamutsa kuchoka ku Chikwawa kupita kumpoto, ku Henga. Ndinali Sitandade 6, koma matenda anga osinthanitsa zinthu anali atakula kale. Pensulo ndinkaisandutsa chigumu, chigumu n'kukhala mpira wachikulunga. Mayi ankati ndinabadwa ndikunenerera azamba.

Tsiku lina aphunzitsi athu, a Mhango, anatitenga kukakwera phiri la kuseri kwa sukulu, lolowera ku Nyika. Njira yake inali yozungulira: kukwerera uku, kuyenda pamsana pa phirilo, n'kukatsikira mbali ina. Anati aliyense atenge juzi. Mayi anandiveka yofiira, yoluka okha.

M'tsinde mwa phiri dzuwa linali phwee, juzi ija ikundiyabwa ngati chitedze. Nzeru za mwana wa kuchigwa zinandiuza kuti ukamakwera ukuyandikira dzuwa, ndiye pamwamba pakhala ng'anjo. Mnzanga Chawanangwa, mwana wa konkuno, anali ndi legeni ya mphira wofiira imene ndinkaisirira. Juzi analibe, anangophatikiza malaya awiri. Ndinamuitanira pambali, n'kumuuza kuti tisinthane: iye juzi, ine legeni.

"Iwe mnyane, watsimikiza?" anandifunsa, poti kuno mnzako amati mnyane.

Ndinaganiza kuti ndi machenjera a pamalonda, choncho ndinaumitsa nkhope mpaka anawonjezerapo mbatata yootcha. Ndinakwera ndikuimba mluzu.

Mluzuwo sunapite patali. Mtunda unali woti bondo linkagunda chibwano, mtima ukugunda m'makutu. Mitengo inayamba kufupika, kenako inatheratu. Kunatsala udzu wokhawokha, wogonera mbali imodzi, ndi miyala yoterera. Ngakhale mbalame yoti ndiyesere legeni kunalibe. Ndiye kunabwera mphepo, yozizira ngati madzi a mumtsuko, kumbuyo kwake nkhungu. Anzanga a patsogolo anasanduka mawu okhaokha.

Zala zinauma, mano akuombana. Ndinabisala kuseri kwa mwala kuti ndipume pang'ono, ndipo tulo tokoma tinayamba kundinyengerera. Lero ndikudziwa kuti tulo totero pamwamba paja ena sadzuka nato.

Amene anandigwedeza anali Chawanangwa. Anaona kuti m'mbuyo mwakhala zii, nabwerera. Ngakhale pamenepo khalidwe silinandichoke. Ndi milomo yolemera ndinayamba: legeni ibwerere, mbatata ndadya kale koma ndiwonjezera mpira.

"Malonda akatha, atha," anatero. "Dzuka."

Anatulutsa mkono umodzi m'juzi ija, nakoka khosi lake mpaka ulusi unalira, n'kundilowetsa. Iye mkono wakumanja, ine wakumanzere, mitu iwiri pabowo limodzi. Ankanunkha utsi ndi mbatata, ndipo nthiti zake zinali zofunda ngati mbaula. Tinayenda chopingasa pamsana paja, phompho uku ndi uku, wina akapunthwa tonse pansi. Iye ankangoti, "Phazi, mnyane, phazi."

A Mhango tinakumana nawo akubwerera kudzatifuna, nkhope ili gwa. Atationa tikutuluka m'nkhungu anagwira m'chiuno.

"Chilombo chanji ichi? Ndikuwerenge mmodzi kapena awiri?"

Ananditikita manja mpaka magazi anabwerera, n'kutiika patsogolo. Titatsikira m'mitengo, fungo la masamba onyowa ndi kulira kwa tambala kumidzi ya m'munsi zinandigwetsa misozi. Juzi ija Chawanangwa anandisiyira, ndipo inafika kunyumba yotalika mpaka m'mawondo. Mayi atamva nkhani yonse sanandikalipire. Anangoitanitsa ulusi wina, n'kuyamba kulukira Chawanangwa yakeyake.

Masiku ano ana okwera phiri lija amavala majekete otupa ngati matumba a thonje, foni n'kuwauza za nyengo asanatuluke m'nyumba. Majekete ambiri amagula kwa ine, poti ndimagulitsa kaunjika pamsika wa pa Boma, ndipo aliyense amadziwa kuti kundigonjetsa ponenerera n'kovuta. Koma Chawanangwa akatsika minibasi n'kufika pabenchi panga, amangoloza, ine n'kukulunga. Iye amangothokoza kuti yewo, n'kumapita osalipira. Mkazi wanga akadandaula kuti tigwa nayo bizinesi, ndimamuonetsa zala zanga khumi. Ndimamuuza kuti izi n'za munthu ameneyu, ine ndikungomusungira.